Inu a banki, K87,450 yanga ili kuti? Kunyumba atidulira madzi

Ndalemba pano pagulu dala, chifukwa ku inbox kwanuko ndatopa nako. Ukalemba amangokuyankha zomwezomwezo, "pepani kasitomala wathu wokondedwa titumizireni nambala yanu", nambala ndatumiza katatu konse palibe ndi mmodzi yemwe wandiimbira. Ndiye lero tikambirane pompano anthu akuona.

Nkhani ndi ya K87,450. Ndalama ya bilu ya madzi ya kunyumba kwa mayi anga ku Bangwe, imene ndinapereka ndi manja angawa pa kauntala ya nthambi yanu ya ku Limbe. Silipi yodinda chidindo chanu ndili nayo, koma mpope wauma gwa, lero ndi tsiku la 9.

Ndikudziwa alipo ena athamangira kundiuza kuti bwanji osangolipira pa foni, pa Mpamba kapena Airtel Money. Abale zimenezo ndimazidziwa, mayunitsi a magetsi ndimagula pa foni ngati wina aliyense. Koma mita ya kwa mayi ndi yakale ija yochita kubwera kudzawerenga, akaunti ikadali m'dzina la malemu bambo, ndipo mayi anga a zaka 74 za SMS sazikhulupirira olo pang'ono. Iwo amafuna pepala la chidindo, alipinde, aliike mu kachikwama kawo ka pulasitiki momwe muli malisiti onse kuyambira kalekale pamodzi ndi makhadi athu a ku sikelo. Komanso si inu nomwe munapachika chikwangwani chachikulu pakhomo kuti lipirani mabilu anu pano mosavuta? Ine ndinangomvera chikwangwanicho. Ndalamayonso inali yosonkherana, achimwene a ku Joni anatumiza K40,000, mng'ono wanga anapereka K20,000, yotsalayo K27,450 ndinaichotsa pa mpamba wa geni yanga ya usipa. Sitinaitole pansi.

Ulendo woyamba linali Lachiwiri kapena Lachitatu, sabata ija kunagwa mvula usiku, ndasokoneza masiku koma kunali kumapeto a mwezi. Ndinasiya benchi yanga ndi mnzanga, minibasi K1,500, kufika 9 isanakwane mzere wafika kale panja mpaka pamene amakhala ogulitsa mayunitsi. Mkati makauntala alipo 6 koma ogwira ntchito awiri basi, enawo angoikapo timatabwa toti chatsekedwa, kaya amawasungira tsiku la ukwati. Tinaima. Agogo ena a penshoni anachita kukhala pansi pa matailosi chifukwa mipando ndi inayi yokha. Kenako kunalowa bambo wina wa suti ndi kiyi wa galimoto m'manja, mlonda "bwana mwaswera", kumudutsitsa mpaka kutsogolo, mphindi zisanu watuluka, ife tikungoyang'ana ngati tabwera kudzaonerera mpira. Cha m'ma 11 koloko ndinafika pa kauntala nambala 3. Mtsikana wa pamenepo sanandiyang'ane n'komwe, maso ali pa foni yake imene anaibisa pansi pa kiyibodi, ndamupatsa moni zii, ndamupatsa bilu wangoisuzumira n'kuikankha, "netiweki ya mabilu palibe kuyambira m'mawa." Ndinafunsa mwaulemu kuti nanga bwanji osalengeza, anthu taima maola awiri, iye akuti "mukanafunsa." Basi. Wotsatira.

Mukanafunsa. Kufunsa ndani, poti mlonda amangodziwa kutiuza kuti tiwongole mzere?

Ndinabwerera, K1,500 inanso, ndalama ndabisa m'chitenje ndikudutsa mu depoti ya Limbe, amene mumaidziwa mukudziwa mmene mtima umagundira pamenepo.

Ulendo wachiwiri ndi umene wandipangitsa kulemba zonsezi. Patadutsa masiku awiri kapena atatu ndinalawirira, ndipo tsoka langa ndinagweranso pa kauntala nambala 3 yomweyo, mtsikana yemweyo, zikhadabo zazitali zofiira. Ndinali nditalemba kale fomu ndi bolopeni yanga poti yanu ija ya chingwe siilemba. Anatenga ndalama ndi zala ziwiri ngati wanyamula thewera, n'kuika mu makina owerengera, makinawo n'kulavula K2,000 imodzi imene inali ndi selotepi pakati, Chilembwe wang'ambika pang'ono paphewa. Anandiponyera pa kabowo ka galasi kaja mpaka inagwa pansi. Ndiye mokweza, anthu onse akumva, "mayi kuno si ku msika, ndalama zanuzi zikununkha nsomba." Kenako n'kutenga sanitayiza kudzipaka m'manja uku akuseka ndi mnzake wa kauntala nambala 4.

Abale inu. Ine ndine mayi wa ana atatu, woyamba ndi msinkhu wa mtsikana ameneyo. Ndinawerama kutola K2,000 yanga pansi pamaso pa mzere wonse. Inde ndalama zanga zimanunkha usipa chifukwa ndimagulitsa usipa, sindiba. Ikalowa mu ATM yanuyo n'kutuluka kwa bwana wa suti uja imakhala ikununkhabe? Nanga ndalama yong'ambika tikapanda kubwera nayo ku banki tipite nayo kuti, ku chigayo? Anandipulumutsa ndi abambo ena achikulire amene anali kumbuyo kwanga, anandisinthira ndi ma K1,000 awiri n'kundinong'oneza kuti mwanawe usayankhe ungolipira uzipita. Ngati mukuwerenga bambo, Mulungu akudalitseni.

Sizinathere pomwepo. Ataona dzina la pa bilu akuti "mwini akauntiyi ali kuti?" Ndinati anamwalira mu 2016, ndi bambo anga. Iye "ndiye akumwabe madzi?" n'kusekanso. Ndinangomeza malovu. Anatayipa mothamanga uku diso lina lili pa foni, chidindo phaa, silipi n'kundikankhira. Zolemba zake zosaoneka bwino, inki yotuwa ngati makinawo ali ndi njala. Ndinawerenga ndalama, K87,450, ndinaona chidindo, ndinatuluka misozi ili m'maso. Mayi analandira pepala lawo n'kuliika m'kachikwama, mtima pansi.

Sabata isanathe anthu a madzi anafika kudzadula. Mayi anawatulutsira silipi monyadira kuti ana anga analipira, anyamatawo anaiona n'kunena mwaulemu ndithu kuti agogo kwathu sizikuoneka, bilu ikadali yonse. Anatseka n'kumapita. Mayi anandiimbira akulira, osati chifukwa cha madzi, koma chifukwa maneba anaona ndipo iwo chiyambire sanaduliridwepo. Ndipo funso loyamba la achimwene ku Joni mukulidziwa kale, "ndalama ija unalipiradi?" Mwandisandutsa wakuba pakati pa abale anga.

Mawa lake ndinapita ku ofesi ya madzi, K3,000 kupita ndi kubwera. Kumeneko mayi wina anandikhazika pansi, anaika bilu ndi silipi yanu pamodzi n'kundilozera ndi bolopeni. Nambala ya akaunti ya bambo imathera 38. Pa fomu imene ndinalemba ine, kope yake ndili nayo, ndinalemba 38. Pa silipi ya makina anu palembedwa 83. Mtsikana wanu wa zikhadabo anatembenuza manambala, ndalama yanga inapita kwa munthu wina, kaya ndi wa ku Namiyango kaya ku Chigumula, panopa akusamba mosangalala akuyamika Mulungu kuti wamuchitira chozizwa. Anandiuza kuti iwo sangangosuntha ndalama pa mawu anga, pakufunika kalata yochokera ku banki yovomereza kuti munalakwitsa, ndipo kuti atilumikizirenso pakufunika K15,000 pamwamba.

Ulendo wachitatu kwanu, mzerenso, ulendo uno wa customer service. Anandituma kukapanga fotokope ya silipi, bilu ndi chiphaso changa cha unzika kunja, K600, chonsecho makina a fotokope ali kumbuyo kwawo ndikuwaona ndi maso. Ndadzaza fomu ya madandaulo. Ndapempha kuonana ndi manejala akuti ali pa mitingi, ndadikira mpaka 2 koloko akuti apita ku lanchi, ndadikirabe akuti abwera koma alowanso mitingi ina. Mitingi yake yokambirana chani ngati makasitomala tili panja pano? Anamuitana mtsikana uja, ine ndimati mwina apepesa. Anayang'ana silipi n'kunena kuti "munayenera kuonetsetsa musanachoke pa kauntala." Eti vuto ndi langa. Wotayipa iye, wa pa foni iye, wolandira malipiro kumapeto a mwezi iye, koma wolakwa ndine wa usipa. Pomaliza anandiuza kuti ndidikire masiku 14 a ntchito. Kulakwitsa kunatenga sekondi imodzi, kukonza masiku 14, osawerengera Loweruka ndi Lamulungu ngati kuti masiku amenewo anthu sitimwa madzi.

Panopa mayi anga akudalira madzi ogula, chigubu K300, zigubu 6 pa tsiku poti pakhomo pali zidzukulu, ndiye K1,800 tsiku lililonse, masiku 9 yakwana K16,200. Mwana wa mng'ono wanga akujomba ku sukulu m'mawa kukaima pa kiyosiki. Ndipo inu mukudziwa bwino zimene kolera inatichita mu Blantyre muno mu 2022 ndi 2023, mpaka sukulu zinachedwa kutsegulidwa Januwale uja, ndiye nyengo ya mvula ino mukusiya nkhalamba yopanda madzi a pa mpope chifukwa wantchito wanu amaonera mavidiyo. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense akudziwa mmene K1,000 ikuvutira kuipeza, inu mukuona ngati 87 sauzande ndi ya ma sweet.

Tiwerengere limodzi poti masamu ndiye ntchito yanu. K87,450 ya bilu, K15,000 yolumikizira, K12,000 ya thiransipoti maulendo anayi, K16,200 ya madzi ogula, K600 ya fotokope. Yonse K131,250, ndipo ikukwera ndi K1,800 dzuwa likatuluka. Sindinawerengere masiku anayi amene benchi yanga inakhala yopanda mwini, kapena manyazi otola ndalama pansi, amenewo mulibe ndalama yolipirira.

Ndikufuna kalata ija ipite ku ofesi ya madzi sabata ino, osati masiku 14. Ndikufuna ndalama zimene ndaononga chifukwa cha inu zibwerere. Ndipo mtsikana wa kauntala nambala 3 apepese, sindikuti mumuchotse ntchito ayi nayenso ali ndi makolo, koma apepese pamalo pomwe anandinyozera, mokweza ngati mmene ananenera za nsomba. Makamera muli nawo pa ngodya iliyonse, bwezani filimuyo muone nokha ngati ndikunama.

Likafika Lachisanu madzi asanatuluke, mapepala onsewa ndikukawasiya ku Reserve Bank, poti ndi amene amakuyang'anirani, ndipo kope ina ipita ku CFTC, bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, ina ku CAMA, bungwe loyankhulira anthu ogula, ina ndikaiwerenga ndekha pa wailesi. Komanso dziwani kuti ine ndi msungichuma wa banki mkhonde ya amayi 23 a mu msika, tonse onunkha nsomba, ndipo akaunti ya gulu ili kwanu komweko muli K2,340,000. Nkhaniyi ndawafotokozera kale dzulo pa msonkhano, asayinira awiri aja avomera, tikubwera kudzaitapa yonse mpaka tambala womaliza, muiwerenge ndi zala ziwiri zomwezo.

Amene zinakuchitikiranipo pa nthambi imeneyi lembani m'munsimu tione ngati ndili ndekha. Ndipo inu a admin musayerekeze kundilembera zoti tipite ku inbox. Lolemba m'mawa ngati kuli zii ndikubwera ndi mayi anga, zigubu 6 ndi beseni la zovala za zidzukulu, tidzatunga pa mpope wa ku toileti kwanuko, poti kumeneko ndinaona madzi akutuluka bwinobwino.