Funso limodzi pa foni linatsala pang'ono kundidyera $1,400

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi Amalawi anzanga amene tili kuno ku America, komanso makolo ndi abale kumudzi amene timaimbirana nawo foni. Chandikhazika pansi kuti ndilembe kalatayi ndi uthenga umene ukungoyendayenda m'magulu athu a WhatsApp, woti boma la America likugawanso $1,400, munthu angodina pa linki n'kulemba nambala yake ya Social Security (nambala imene boma la kuno limamudziwira munthu) ndi ya kubanki. Mlungu watha uthengawu unakafika mpaka kwa mayi anga ku Dedza, iwo n'kunditumizira ine amvekere, "Mwanawe, usaphonye." Abale anga, amenewo ndi akuba. Ndalamayo inalipodi, koma nthawi yoipempha inatha pa 15 Epulo 2025. Nkhaniyi ndikuidziwa bwino chifukwa ine inatsala pang'ono kundipitirira, ndipo mnyamata wina wa kumpingo kwathu inamupitiriradi.

Ine ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, kawirikawiri usiku. Bambo a kunyumba amagwira ku fakitale ku Elkhart. Mliri wa Covid-19 utavuta, boma linapereka thandizo la ndalama katatu, lija tonse tinkangoti stimulus. Koyamba, pa lamulo la mu Malichi 2020, zinali $1,200 kwa munthu wamkulu ndi $500 kwa mwana. Kachiwiri, kumapeto kwa Disembala chaka chomwecho, $600 aliyense. Kachitatu, mu Malichi 2021, $1,400 aliyense, mwana ndi wamkulu chimodzimodzi. Ife zonse zitatu zinalowa ku akaunti popanda vuto. Yachitatuyo inabwera $2,800, ya anthu awiri, chifukwa nthawi imeneyo tinalidi awiri. Mwana wathu anabadwa mu Seputembala 2021.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Bungwe lotolera misonkho kuno, IRS, linkatumiza ndalamazo poyang'ana mafomu a msonkho a chaka cham'mbuyo. Mwana wobadwa mu Seputembala sakanapezeka pa fomu ya 2020. Koma lamulo linkati mwana aliyense wobadwa m'chaka cha 2021 ali ndi gawo lake la $1,400, kungoti makolo alipemphe okha polemba fomu ya msonkho ya chaka chimenecho. Malo ake anali mzere wa 30 pa fomu 1040, pamene panalembedwa kuti Recovery Rebate Credit. Mzere umodzi basi.

Mu Febuluwale 2022 ndinafayila msonkho wathu ndekha pa foni, ndi imodzi mwa mapulogalamu aja amene amakufunsa mafunso iwe n'kumangoyankha. Ndikukumbukira bwino m'mawa umenewo. Ndinali nditangofika kuchokera ku ntchito ya usiku, yunifolomu ndisanavule, mwana ali pamwendo akuyamwa, tiyi atazizira patebulo. Maso anali olemera. Pulogalamuyo inafunsa za mwana, ndinalemba dzina ndi nambala yake. Inafunsa za malipiro, ndinajambula mapepala a W-2 a tonse awiri, aja ochokera kuntchito osonyeza malipiro a chaka chonse. Kenaka panatuluka tsamba lofunsa ngati tinalandira ndalama yonse ya stimulus yachitatu, chiwerengero chili pomwepo. Ine ndinangoona mawu akuti stimulus, mumtima n'kuti, eya, tinalandira, chala n'kudina pa Yes. Sindinayang'ane kuti chiwerengerocho chinali $4,200, cha anthu atatu, pamene ife tinalandira $2,800. Pulogalamu inakhulupirira zimene ndinaiuza, mzere wa 30 n'kutsala wopanda kanthu.

Chimene chinandiphimba m'maso kwambiri n'chakuti chaka chimenecho ndalama yobwezedwa inali yambiri kale, chifukwa thandizo la ana osakwana zaka 6 linali litakwezedwa kufika $3,600. Titaona chiwerengero chomaliza tinasangalala, osadziwa kuti china chatsala. Ndipo kalata imene ikanandiwongolera inali m'nyumba momwemo. IRS inatumiza kalata yotchedwa Letter 6475, yonena ndalama yeniyeni imene munthu analandira ulendo wachitatuwo. Kwa okwatirana aliyense ankalandira yakeyake, yosonyeza theka. Zathu ziwiri zinali m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa firiji, zosatsegula. Ambiri a ife envelopu ya boma ikafika mtima umagunda, timaiika pambali kuti tidzaiona mawa.

Patatha chaka, mu Malichi 2023, mnzanga wa kuntchito anandikokera ku VITA. Awa ndi anthu ongodzipereka, ophunzitsidwa ndi kuvomerezedwa ndi IRS, amene amathandiza anthu opeza pang'ono kulemba za msonkho mwaulere, nthawi zambiri m'malaibulale ndi m'maholo a matchalitchi. Mayi wina wachikulire amene anandithandiza anapempha kuona fomu ya chaka chatha. Anaiyang'ana, n'kufunsa tsiku limene mwana anabadwa, kenaka anaika chala pa mzere wa 30 n'kundiyang'ana. Ndinamva thupi lonse kuzizira. Anandiuza kuti ndisadandaule, nthawi ikadalipo: ndibwerere mu pulogalamu yomwe ija, nditsegule chaka cha 2021, ndisankhe kukonza fomu, imene imatchedwa 1040-X, ndipo pa funso lija ndilembe $2,800 yeniyeniyo monga mmene makalata awiri aja akunenera. Usiku womwewo ndinatsitsa chitini chija. Nditangosintha yankho, chiwerengero pa foni chinasuntha ndi $1,400 ndikuona. Ndinalipira kandalama pang'ono kuti fomuyo itumizidwe, ndipo ndinadikira miyezi pafupifupi isanu cheke chisanafike pa positi. Ndalama imeneyo inalipira fizi ya mng'ono wanga ku sekondale, yotsala tinagulira malata a khitchini ya amayi.

Pulogalamuyo sindikuiimba mlandu. Inafunsa funso loyenera, ine ndinayankha ndi tulo. Chimene ndikufuna anzanga amve n'chakuti makinawa sadziwa za m'nyumba mwako. Amangotenga zimene walemba. Ena analakwitsa mbali inayo: analemba kuti sanalandire kanthu chonsecho ndalama inalowa kalekale n'kuiwalika, ndipo mafomu awo anachedwa miyezi, kenaka kunabwera kalata yochotsera. Enanso ndalama zawo zinabwera pa khadi, mu envelopu yoyera yosaoneka ngati ya boma, iwo n'kuitaya poganiza kuti ndi otsatsa malonda.

Koma amene amandiwawa mtima ndi mnyamata wa kumpingo uja. Anabwera kuno ndi green card, chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito kuno mokhazikika, kumayambiriro kwa 2020, mliri n'kumupeza asanakhazikike. Chaka cha 2021 anangogwira maganyu a miyezi yochepa m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo zimene anapeza sizinafike $12,550, malire amene munthu wosakwatira ankayenera kufika kuti akakamizidwe kufayila chaka chimenecho. Anzake anamuuza kuti, "Iwe sukufunika kufayila, ungodziputira mavuto." Mbali yoyambayo inali yoona, lamulo silinkamukakamiza. Koma popeza anali asanafayilepo n'kamodzi komwe, IRS inalibe fomu yake yoti iyang'anepo n'kumutumizira kanthu. Njira yokhayo yoti alandire $1,400 yake, pamodzi ndi msonkho umene ankamudula pa malipiro, inali kulemba fomu ya 2021. Lamulo limapereka zaka zitatu kuti munthu apemphe ndalama zake. Za 2020 nthawi inatha pa 17 Meyi 2024, za 2021 pa 15 Epulo 2025. Iye anamva nkhaniyi kwa ine mu Meyi 2025, titakhala pa chakudya cha pambuyo pa mapemphero, milungu yochepa chabe tsikulo litadutsa. Anangoika supuni pansi. Mpaka lero ndimadzifunsa chifukwa chimene sindinaimirire kutsogolo kwa mpingo mu 2023 n'kufotokozera onse zimene zinandichitikira.

Ena anena kuti, nanga si boma linadzatumiza lokha? Zoona, mu Disembala 2024 IRS inalengeza kuti itumiza ndalama zokwana pafupifupi $2.4 biliyoni kwa anthu pafupifupi 1 miliyoni amene anafayila fomu ya 2021 koma anasiya mzere uja wopanda kanthu ngati ine. Amenewo sanafunike kuchita kalikonse. Koma amene sanafayile, ngati mnyamata uja, sanali m'gulumo. Ndi nkhani imeneyi imene akuba aitola n'kumaizunguza mpaka lero. IRS siyamba kulankhula ndi munthu pa WhatsApp, pa Facebook kapena pa uthenga wa pafoni kuti imufunse nambala za kubanki. Imalemba kalata pa positi.

Ndikaganiza bwino, ndimaona kuti chimatipweteka ndi chizolowezi chimene tinachoka nacho kwathu. Kumudzi thandizo likabwera, kaya ndi Mtukula Pakhomo kaya makuponi a feteleza, munthu amadikira kuti akomiti kapena amfumu amulembe dzina. Ukapanda kulembedwa umadandaula, koma ukudziwa kuti wolemba ndi wina. Kuno kulibe amene adzayende khomo ndi khomo ndi kaundula. Kaundula wake ndi fomu ya msonkho, ndipo umadzilemba wekha. Kuwonjezera apo pali mantha. Ndinamva anthu angapo akunena kuti ukapempha ndalama imeneyi udzavutika pofuna unzika, kapena adzakudula msonkho pa ndalamayo. Zonsezo sizinali zoona kwa munthu woyenera kulandira: ndalamayo sinkawerengedwa ngati malipiro, ndipo inali yake mwalamulo.

Ndinene mosabisa kuti si aliyense anali woyenera. Pankafunika nambala ya Social Security yovomerezeka. Ana athu asukulu amene ali pa viza ya F-1, m'zaka zawo zisanu zoyambirira ambiri amawerengedwa ngati alendo pa nkhani ya msonkho, ndipo fomu yawo ndi 1040-NR. Ena a iwo anagwiritsa ntchito mapulogalamu wamba amene amalemba 1040, ndalama n'kuwabwerera molakwika, pambuyo pake n'kufunika kubweza ndi kukonza mafomu. Wophunzira asanadine chilichonse, ayambe wafunsa ku ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja pasukulu pake.

Stimulus inapita, koma lamulo la zaka zitatu likadalipo, ndipo chaka chilichonse pali anthu athu amene amadulidwa msonkho pa malipiro n'kusiya ndalama zawo osazipempha chifukwa wina anawauza kuti safunika kufayila. Ndikupempha atsogoleri a mabungwe a Amalawi kuno, ku Indiana, ku Texas, ku Washington ndi kwina konse, komanso abusa athu, kuti mwezi wa Febuluwale ukafika azipatula Loweruka limodzi, aitane anthu a VITA kapena atenge obwera kumene n'kupita nawo. Ine ndayamba kale ndi a kumpingo kwathu. Mnyamata uja tinakhala naye pansi n'kulemba mafomu a zaka zotsatira zimene nthawi yake inali isanathe, ndipo kalata iliyonse ya boma ikamufika tsopano amabwera nayo Lamlungu kuti tiitsegule limodzi.

Inu a kumudzi, mwana wanu akakuuzani kuti walandira uthenga wa $1,400, muuzeni asadine. Mayi anga ndawauza kale, ndipo alonjeza kuti akanena ku msonkhano wa amayi Lachinayi.

Ine wanu,
Mayi wa mwana mmodzi,
South Bend, Indiana