Gemu ya Singularity: mphamvu yosintha nthawi ilimo, koma anaimangirira

Akonzi,

Tikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti tinenepo za gemu ya Singularity, yomwe inapangidwa ndi kampani ya Raven Software ya ku Wisconsin m'dziko la America ndipo inatulutsidwa ndi Activision mu June 2010 pa kompyuta, PlayStation 3 ndi Xbox 360. Ndi gemu yowomberana ya mtundu uja umene wosewera amangoona manja ndi mfuti ya msilikali wake, ngati kuti maso a msilikaliyo ndi ake. Tasankha yakale mwadala. Achinyamata ambiri ali ndi malaputopu amene sangakwanitse magemu atsopano, pomwe iyi imayenda pa makina apakatikati ndipo imafuna malo okwana ma GB pafupifupi 8. Ikugulitsidwabe pa Steam ndi pa GOG, masitolo a magemu a pa intaneti, choncho ndi bwino munthu adziwe chimene akugula asanawononge ndalama ndi bandulo.

Nkhani yake imachitikira pa chilumba chopeka cha Katorga-12, kufupi ndi Kamchatka. Kumeneko boma la Soviet Union linapeza mwala wamphamvu wotchedwa E99, n'kumanga mafakitale ndi malo ofufuzira, mpaka ngozi ya mu 1955 inachititsa kuti chilumbacho chisiyidwe. Wosewera ndi Captain Nathaniel Renko, msilikali wa ku America wotumidwa kukaona chilumbacho mu 2010. Helikopita yake itagwa, amapezeka waponyedwa mu 1955 m'nyumba imene ikuyaka, ndipo amapulumutsa munthu wina dzina lake Nikolai Demichev. Pobwerera mu 2010 amapeza kuti munthu amene wamuchotsa pamoto uja ndiye akulamulira dziko lonse lapansi. Chiyambi chimenechi ndi chabwino kwambiri chifukwa mavuto onse otsatira amachokera pa chifundo cha wosewerayo, ndipo iye amaona yekha zikwangwani ndi ziboliboli zitasintha asanamve mawu a wina aliyense omufotokozera.

Mtima wa gemuyi ndi chipangizo chovala kudzanja lamanzere chotchedwa TMD (Time Manipulation Device, chipangizo chosinthira nthawi), chimene m'nkhanimo anachipanga wasayansi Viktor Barisov. Simuyamba nacho. Kumayambiriro kwa gawo loyamba mumayenda m'mabwinja a sukulu ndi nyumba za antchito muli ndi mfuti yaing'ono ndi zipolopolo zowerengeka, ndipo gawo limeneli ndi loopsa ndithu. TMD ikabwera gemu imasintha. Mukailozetsa pa msilikali amakalamba pompo n'kusanduka fumbi. Imagwira bomba kapena roketi ili m'malere kuti muibweze kwa mwini wake, imalanda chishango m'manja mwa mdani, ndipo ili ndi nkhonya ya mphamvu yotchedwa Impulse yokankhira adani amene akupanikizani.

Chida chimene timachiyamikira koposa ndi Deadlock, mpira wabuluu umene mumaponya ndipo chilichonse chimene chili mkati mwake chimaima. Ntchito yake yeniyeni ndi iyi. Asilikali akamatuluka pakhomo limodzi, ponyani mpirawo pakhomopo, alaseni mmodzimmodzi ali chiimire, ndipo mpirawo ukatha onse amagwa pamodzi. Mukapanikizika, uponyeni pamapazi anu penipeni kuti mupeze mpata wodzaza mfuti ndi kudzipatsa mankhwala. Moyo mu gemuyi subwerera wokha mukabisala kuseri kwa khoma monga zimakhalira m'magemu ambiri a zaka zimenezo. Mumatola mapaketi a mankhwala, kuwasunga, n'kusankha nokha nthawi yowagwiritsa ntchito. Izi zimachititsa kuti kufufuza m'makona ndi m'makabati kukhale ndi phindu. Nayonso mphamvu ya TMD imatha, choncho wokalambitsa msilikali aliyense amene wamuona amafika pa nkhondo yaikulu chipangizo chili chopanda kanthu.

Mfuti nazo n'zolimba. Mumanyamula ziwiri zokha, ndipo mumasintha pa makabati a zida amene ali m'njira. Ife tingalangize kuti AR9 Valkyrie isachoke m'manja, yachiwiri ikhale Volk S4 m'malo opanikizika kapena Kasimov SNV-E99 pabwalo, chifukwa Kasimov imachedwetsa nthawi mukamalunjika patali. Zipangizo zokwezera mfuti, zotchedwa Weapon Tech, n'zochepa. Mukazimwaza pa mfuti iliyonse mumafika kumapeto mulibe ngakhale imodzi yamphamvu, choncho ziikeni pa mfuti ziwiri, ndipo yambani ndi kuwonjezera ukali wa chipolopolo musanaganize za kuchuluka kwa zipolopolo kapena changu chodzazira. Palinso Seeker, imene chipolopolo chake mumachiwongolera nokha pang'onopang'ono, kuchikhotetsa pakona mpaka chikapeze wobisala. Imapezeka m'malo ochepa, ndipo anachita bwino kutero chifukwa ikanakhala paliponse nkhondo zonse zikanatha mphamvu.

Tsono pamene gemuyi imatikhumudwitsa ndi pa nkhani ya nthawi yomweyo imene anaitchukitsira. TMD akuti imakalambitsa zinthu kapena kuzibweza mwakale, koma imagwira ntchito pa zinthu zokhazo zimene opanga anasankhiratu, zimene zimanyezimira kuti muzione. Masitepe awa ogumuka mungawakonze, ena oyandikana nawo ayi. Sefu iyi mungaidyetse dzimbiri mpaka itseguke, koma chitseko chachitsulo chimene chakutsekerani njira sichigwedezeka. Wosewera ali ngati mbuzi ya pachingwe, msipu akuuona mbali zonse koma amadya pokhapo pamene chingwe chafika. Kupita ku 1955 nakonso simusankha nokha. Mumadutsa pa mng'alu umene nkhani yakutsegulirani, kuchita chimene mwatumidwa, n'kubwerera.

Chifukwa cha zimenezi, zinthu zofuna kuganiza n'zochepa ndipo zimabwerezedwa. Chodziwika kwambiri ndi cha bokosi. Mumapeza chitseko chokokera m'mwamba chotseguka pang'ono pansi. Mumakalambitsa bokosi lachitsulo kuti liphwanyike n'kukhala lafulati, kulilowetsa pansi pa chitsekocho, kenako kulibweza mwakale kuti litukuke n'kukweza chitseko. Ulendo woyamba munthu umasangalala nazo. Koma bokosi lomwelo limabweranso, nthawi zina kuti mukwerepo podumpha mpanda, nthawi zina pa chitseko china, ndipo palibe chatsopano chimene limaphunzitsa. N'chimodzimodzi ndi fani yaikulu yozungulira imene mumaimitsa ndi Deadlock kuti mudutse. Amene anasewerapo Titanfall 2 ya Respawn Entertainment ya mu 2016 akudziwa gawo lotchedwa Effect and Cause, mmene batani limodzi limakusamutsani pakati pa nthawi ziwiri paliponse pamene mwafuna, ngakhale muli m'malere kapena mkati mwa nkhondo. Ufulu umenewo ndi umene Singularity inalonjeza koma osaupereka. Pali malo pamene imaonetsa chimene ikanakhala, monga pamene mumavuula sitima yapamadzi ya Pearl poibweza mwakale n'kuyenda mkati mwake ikukalambanso, makoma akudyeka ndi dzimbiri inu muli momwemo. Gawo limenelo ndi lokoma zedi, koma nalonso ndi chionetsero chimene anakonzeratu.

Pali zolakwika zina zimene munthu ayenera kuzidziwiratu. Simungaseve pamene mwafuna, gemu imaseva yokha pamalo amene inasankha. Magetsi akathima kapena batire ikatha musanafike pamalopo, mumabwerera m'mbuyo, choncho musazimitse musanaone chizindikiro chosonyeza kuti yaseva. Zitseko zimatsekekanso kumbuyo kwanu popanda chenjezo. Pakakhala njira ziwiri, yambani ndi imene ikuoneka kuti siipita patali, chifukwa mukatenga njira yaikulu simudzabwereranso kukatola E99 Tech, imene ili ngati ndalama za mu gemuyi, kapena mapulani okwezera mphamvu zanu amene mwawasiya. Matepi a mawu a anthu amene anafera pachilumbacho ali ndi nkhani zogwira mtima, koma simungawanyamule. Muyenera kuima pafupi mpaka athe, ndipo ambiri amatopa n'kuwasiya, motero amataya theka la nkhani.

Malo amene osewera ambiri amafapo mobwerezabwereza ndi ngalande za pansi mmene muli tizilombo tonga nkhupakupa zikuluzikulu totchedwa Phase Ticks. Timabwera tambirimbiri, timathamanga, ndipo timaphulika tikakufikani. Vuto lake n'lakuti kuvuta kwa gemu kumakwera mwadzidzidzi pamenepo popanda kukukonzekeretsani. Kulimbana nato ndi mfuti kamodzikamodzi n'kutaya zipolopolo. Fikani pamenepo muli ndi mankhwala okwanira ndi TMD yodzaza, imitsani gulu ndi Deadlock, kankhani totsala ndi Impulse, ndipo musaime, pitirirani kutsogolo. Zilombo zakhungu zotchedwa Reverts zimafuna njira ina. Zimasaka ndi makutu, ndiye yendani monyang'ama, osathamanga, osawombera, mudzadutsa pakati pawo bwinobwino. Chodabwitsa n'chakuti kumapeto zinthu zimatembenuka. TMD imapatsidwa mphamvu zosatha ndipo Impulse imapha ndi nkhonya imodzi, moti gawo limene linayenera kuvuta koposa limakhala lofewa.

Nkhani yonse imatha m'maola pafupifupi 8. Mathero alipo angapo, koma onse amadalira amene mwamuwombera m'chipinda chomaliza, ndipo zimene munachita m'mbuyo monse sizisintha kanthu. Gawo losewera ndi anthu ena pa intaneti, mmene asilikali amalimbana ndi zilombo, musaliwerengere pogula chifukwa kupeza anzanu osewera nawo masiku ano n'kovuta.

Kwa makolo, gemuyi inapatsidwa chizindikiro cha M ku America, kutanthauza zaka 17 kupita m'tsogolo. Muli magazi ambiri, manja ndi miyendo zimaduka, ndipo m'makalasi a sukulu ija muli zithunzi zimene mwana sangagone nazo tulo. Amene muli ndi malo osewetsa magemu, chonde musaiike pa makina amene ana apulayimale amakhalapo.

Ndife,
Okonda magemu a pakompyuta,
Lilongwe