Tisaiwale onyamula ovulala pankhondo

Mkonzi,

Pamwambo wokumbukira asilikali mu Novembala ku Zomba, tizitchulanso amene ankasamalira ovulala, osati ogwira mfuti okha.

Agogo anga anali msilikali wa King's African Rifles (KAR), gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, ku Burma mu 1944, m'chigwa cha Kabaw. Ntchito yawo inali kunyamula ovulala pamachira m'matope mvula ikukhuthuka, kutsuka mabala ndi kugawa mankhwala a malungo. Kumeneko matenda ankagwetsa asilikali ambiri kuposa zipolopolo. Agogowo anatisiya nkhani zawo zisanalembedwe, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Ndikupempha a Malawi Defence Force kuti akajambule mawu a achikulire otsala ndi mabanja awo, ndipo akawasunge ku National Archives ku Zomba kuti ana asukulu aziphunzira.

Wowerenga wanu,
Balaka