Galimoto mumaiyeza, nanga msewu auyeza ndani?

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndidandaule za mtengo wokonzetsa mapepala a galimoto chaka ndi chaka. Ndine mlimi wa kachewere ndi kabichi kuno ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, ndipo ndili ndi kapikapu ka Toyota Hilux kogula kwa munthu, kachikulire kuposa mwana wanga woyamba yemwe pano ali pabanja. Ndi komweka kamene kamatsitsa matumba anga ndi a anzanga kupita kumsika. Mayi woyembekezera akayamba kumva m'mimba pakati pa usiku m'mudzi muno, chitseko chimene amagogoda ndi changa.

COF yanga, chiphaso chosonyeza kuti galimoto yayezedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu, imatha mu February. Wolima aliyense akudziwa kuti mwezi umenewu ndi wotani: ndalama yonse yalowa m'feteleza ndi mankhwala opopera chiwawu, fizi ya teremu yachiwiri yangotuluka kumene, m'nkhokwe mwayamba kuoneka pansi. Inshuwalansi nayo imathera pomwepo, ngati zinachita kupangana.

Anthu akamakamba za mtengo wa COF amatchula ndalama yolembedwa pa lisiti. Imeneyo ine ndilibe nayo mlandu waukulu. Imapweteka, koma umaidziwa, umaikonzekera. Imene imatipha ndi ndalama yopanda lisiti, ija imatuluka m'thumba usanafike n'komwe pawindo lolipirira.

Chaka chino ndinayambira kwa makaniko wanga pa Tsangano Turn-off. Atalowa pansi pa galimoto anangoti, "Madala, apa musapite chonchi, akakubwezani." Matayala awiri akutsogolo anali atatha ngati chikhatho, ma bush anali atadyeka, ball joint imodzi ikulira, ndipo galasi lakutsogolo linali ndi mng'alu wa mwala umene lole ina inandiponyera. Zipangizo zonsezi zimachokera kunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake inachita kulumpha. Kachewere naye wakwera, sindikana, koma sathamanga liwiro la tayala. Ndinagula matayala a kaunjika. Atsopano ndinangowasisita ndi dzanja n'kuwasiya. Pofika apa mayi a kunyumba anali atanditengera kale ngongole ku banki m'khonde, ndipo maso amene anandiyang'ana nawo pondipatsa ndalamayo sindiwaiwala.

Ndiye ulendo wa mumzinda. Ife a ku Ntcheu tili ngati mbuzi ya m'khola la zitseko ziwiri. Ukalowera ku Blantyre ulipira pa chipata cha Chingeni, chimene chinatsegulidwa mu 2021. Ukati ulowere ku Lilongwe, cha Kalinyeke ku Dedza chikukudikira. Kupita ulipira, pobwerera ulipiranso. Kuchokera pa boma pokha ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 150 mbali iliyonse, osawerengera wathu wa kumapiri kuno, ndipo dizilo wake ndinam'peza nditagona pamzere.

Ndinafika pa ofesi yoyezera magalimoto m'mamawa, zitseko asanatsegule. Ndisanazimitse n'komwe injini, mnyamata wina wovala bwino, atapanira envulopu ya khaki kukhwapa, anali atatsamira kale pawindo langa. "Bwana, COF? Tikuthandizeni, pofika 10 koloko mukhala mukubwerera." Ndinakana. Ndinati ndine munthu wopemphera, ndiyenda njira yoongoka. Anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Chabwino bambo, mundipeza pompano."

Mavuto anandipezadi. Cha m'ma 11 koloko anatiuza kuti netiweki yavuta. Tinakhala pansi pa mtengo, ena pa mabampa a magalimoto awo, tikudya chimanga chootcha. Pafupi nane panali mayi wina wa Sienta amene anati tsiku limenelo linali lachitatu, ndipo tsiku lililonse limene galimoto yaima ndiye kuti kunyumba ndiwo kulibe. Madobadoba aja ankangolowa ndi kutuluka. Zimene ankachita m'katimo ine sindinazione, choncho sindinamizira munthu, koma mtima umayamba kuganiza zambiri ukakhala padzuwa maola asanu. Usiku umenewo ndinagona m'galimoto, popeza ya resitihausi ndinalibe.

M'mawa mwake galimoto inalowa poyezera. Mabuleki bwino, hendibuleki bwino, chiwongolero bwino. Woyeza uja atazungulira kumbuyo anati ndiponde buleki. Getsi lakumanzere silinayake. A Mkonzi, getsi limeneli ndinaliyesa ndekha kunyumba, mdzukulu wanga ataima kumbuyo akukuwa kuti "layaka, agogo!" Linathothokera m'njira, m'maenje a msewu wathu, waya wake atagwedezeka mpaka kuduka. Woyezayo sanalakwe. Galimoto yopanda getsi la buleki ikhoza kuphetsa anthu, ndipo ine amene ndimanyamula odwala usiku sindingatsutse zimenezo. Ndinatuluka, ndinafuna wa magetsi, ndinalipira, ndinabwereranso kumapeto kwa mzere.

Pamzere wachiwiriwo ndi pamene funso ili linandibwerera. Boma limafuna kuti galimoto yanga ikhale yoyenera msewu, ndipo limaiyeza chaka chilichonse. Nanga msewu, amene amauyeza kuti ndi woyenera galimoto yanga ndani? Pa lita iliyonse ya mafuta imene timathira pali kale ndalama yokonzera misewu. Pa zipata timalipira ndi cholinga chomwecho. Koma ma bush amene ndinasintha mu February, pofika nthawi yokumba kachewere adzakhala atadyekanso, ndipo si ine ndidzawadye. Msewu umaphwanya galimoto, ine ndilipire kukonza, kenako ndilipirenso kuti andiuze ngati ndakonza bwino.

N'chifukwa chake anzanga ambiri kuno anasiya. Amayenda ndi disiki ya COF yakutha, kudzuka 3 koloko m'bandakucha kuti adutse apolisi asanaime pamsewu, kapena kukonzeratu ya fanta m'thumba la malaya. Sindikuwayamikira. Koma akawerengera, amaona kuti chindapusa cha apo ndi apo n'chopepuka kusiyana ndi ulendo umene ndinayenda ine. Zikatero boma silipeza kanthu, ndipo magalimoto amene akufunikadi kuyezedwa ndi omwewo amene safika poyezera.

Sindikupempha zaulere. Oyeza magalimoto atamabwera pa boma lililonse masiku odziwika, olengezedwa pa wailesi kudakali nthawi, theka la mavuto angawa likanatha. Ndipo netiweki ikavuta, vuto si la ine amene ndabwera ndi ndalama m'manja: andipatse kapepala kodinda kosonyeza kuti ndinafika, kuti wapolisi wa panjira asandilipitse chifukwa cha kompyuta ya eni ake. Mitengo yonse aimatenso pakhoma m'Chichewa, ndi zilembo zikuluzikulu. Dobadoba amadyera pa umbuli wathu; munthu wodziwa kuti alipira zingati komanso pawindo liti sam'funa.

Disiki yatsopano ndinaimata pagalasi tsiku lachitatu madzulo. Nditafika kunyumba tinakhala pansi ndi mayi kuwerengera zonse, kuyambira matayala mpaka chimanga chootcha chija. Ya pa lisiti la COF inali yochepa kuposa zina zonse titaziphatikiza, kutalitali. Ngongole ya banki m'khonde tikubwezabe mpaka lero, ndipo ball joint ija yayambanso kulira.

Mlimi wa kachewere,
Tsangano, Ntcheu