Ndinalembetsa kuti ndine bankrupt, koma tulo sindikuliona

Azakhali,

Ndikulemba kalatayi cha m'ma 3 koloko usiku, ndili pa buleki kuntchito, agogo onse amene ndimawayang'anira agona. Mundikhululukire ikakhala yosalongosoka, mutu sukugwira. Dzina langa musalembe, ndipo mzinda mungoti ku England basi, chifukwa Amalawi kuno ndife ochepa, timadziwana mpaka mtundu wa makatani a pazenera.

Ndine mayi wa zaka 44, wa ana awiri, kwathu ku Phalombe. Ndinabwera kuno mu 2012 kutsatira bambo a anawa, omwe pano ali ndi banja lina, koma imeneyo tiisiye kaye. Mu Febuluwale chaka chino ndinaimika manja, ndinalembetsa kuti ndine bankrupt, kutanthauza munthu amene boma lavomereza kuti walephera kubweza ngongole zake. Ngongole zonse pamodzi zinapitirira £31,000. Ndikudziwa kuti wina amene akuwerenga ali kumudzi wayamba kale kuziwerengera m'makwacha n'kumati mayi ameneyu ankadya chiyani. Ndimadya nsima ya nyemba ngati inu nomwe.

Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa nyumba ya amayi. Anapulumuka ndi chitenje chimene anavala ndi ndowa imodzi. M'mimba mwa amayi tinabadwamo asanu, koma foni imene inkalira ndi yanga yokha. Makhadi anga awiri a ngongole anali atadzaza kale kuyambira pamene bamboyo anachoka n'kundisiyira lendi, choncho banki inandikana. Ndinapita ku kampani zija zimafuna munthu wokusainira, guarantor, n'kutenga £8,000. Anandisainira ndi asisi anga a kutchalitchi, munthu amene anandilandira kuno ndisakudziwa ngakhale pokwerera basi. Ndibwereranso kwa iwowa, chifukwa ndi pamene pali chilonda.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, achimwene anayamba nyimbo yoti simenti yakwera, malata akwera, amisiri akukana mtengo wakale. Ine ndinkadabwa, poti paundi nayo inali ikugula makwacha ambiri kuposa kale, koma ukakhala kutali sutsutsa, umangotumiza. Palinso £5,000 ina imene sindinena komwe inapita. Mungodziwa kuti ndinakhulupirira munthu wosayenera kumukhulupirira, pa msinkhu wanga uno, ndipo manyazi ake ndimadya nawo ndekha.

Makalata ofiira atachuluka ndinasiya kuwatsegula, ndinkangowaunjika m'jumbo pansi pa bedi. Kenako ndinaimbira a StepChange, omwe amathandiza ulere anthu omira m'ngongole, ndipo ndinene zoona, anandimvetsera bwino osandinyoza. Pali njira ina yopepukirapo yotchedwa Debt Relief Order, koma imafuna kuti ukalipira zonse zofunika pamwezi usatsale ndi ndalama yoposa £75. Ine chifukwa cha mashifiti owonjezera ndinkatsala ndi yoposa pamenepo. Ndiye kulimbikira kwanga komweko n'kumene kunanditsekera khomo. Yotsala inali ya bankrupt, ndipo nayonso si yaulere. Kuti boma livomere kuti ulibe ndalama, umalipira £680. Ndinaipereka pang'onopang'ono kwa miyezi inayi, fomu ndinalembera pa intaneti, kukhoti sindinapondeko.

Anandichenjeza kuti akaunti itsekedwa, koma kumva n'kwina, kuona n'kwina. Patangopita masiku awiri ndinali pa tilu ndi mpunga, mafuta ophikira, ufa, nkhuku imodzi ndi mapadi a mwana wanga wamkazi. Zonse £38. Khadi yakana. Ndayesanso, yakana. Kamnyamata ka pa tiluko kanandiuza mwaulemu kuti ndiyese ina, pamene ina ndilibe, ndipo kumbuyo kwanga mzere wafika kumafiriji. Ndinabweza zonse kupatula mapadiwo, amene ndinalipira ndi timakobidi ta m'thumba la yunifolomu. Mpaka lero sitolo imeneyo ndimailambalala.

Pano ndili ndi akaunti ija amati basic, yongolandirira malipiro ndi kulipirira mabilu. Ikati yatha ndiye yatha. Galimoto inali ya ngongole, eniake anadzaitenga. Ndimakwera mabasi awiri, ndikaweruka 8 koloko m'mawa ndimafika pakhomo cha m'ma hafu 9, mwana atapita kale kusukulu, nthawi zina osadya. Ofesala wa boma amene amayendetsa nkhani yanga, Official Receiver, anawerengera malipiro anga n'kupeza kuti ndizipereka £140 pamwezi kwa zaka zitatu, ngakhale kuti bankrupt yeniyeniyo amati imatha pa miyezi 12. Ndikagwira mashifiti owonjezera ndiyenera kumuuza, ndipo akhoza kuikweza. Pa fomu yawo pali mzere wa lendi, wa chakudya, wa magetsi, ngakhale wa kumeta tsitsi, koma wa amayi okubala sindinauonepo. Ndiye ndimadula pa chakudya chathu kuti ku Phalombe kupite kangachepe ka feteleza ndi mankhwala a BP. Kodi kumeneko n'kuba?

Sindingakongole ndalama yoposa £500 osamuuza wokongozayo kuti ndine bankrupt, ndipo chipsera chimenechi chikhala pa mbiri yanga ya ngongole zaka 6. Mwana wanga wamwamuna foni yake inasweka, ndinapita kukamutengera ya kontrakiti, kompyuta inandikana iye ali pomwepo. Anangoti "zilibe kanthu mami", mawu amene anandipweteka kuposa akanakwiya. Tsopano a landilodi akuti akufuna kugulitsa nyumbayi. Ma agent onse amayamba ayang'ana mbiri ya ngongole asanakupatse makiyi. Adzandisainire ndani ine?

Ndi pamenepa ndikubwerera kwa asisi aja. Ngongole yanga ikafafanizidwa, ya guarantor sifafanizidwa nayo. Kampani ija inangotembenuka n'kuyamba kuwalembera iwo, pafupifupi £5,400 yotsala. Ndinkadziwa kuti zidzatero, a StepChange anandiuza pa foni paja, sindinama. Ndinkati ndiwauza Lamlungu, Lamlungu likafika ndinkati Lamlungu linalo. Kalata inawapeza ine ndisanatsegule pakamwa, ndipo anaitsegula ndi amuna awo, omwe sankadziwa n'komwe kuti akazi awo anasainira munthu. Banja lawo lagwedezeka chifukwa cha ine. Ananditumizira uthenga umodzi wokha pa WhatsApp: "Mukanangondiuza." Kuyambira pamenepo zii. Kutchalitchi amakhala mbali ina, ine mbali ina, ndipo pa nthawi yopatsana moni amayang'ana m'chikwama.

Komanso Azakhali, nawonso anawerenga pepalalo asanasaine. Sindinawagwire dzanja. Ndipo mwana wawo atagonekedwa m'chipatala mu 2019 amene anagona pampando masiku anayi ndi ine, palibe akukumbuka zimenezo. Ayi, ndisadzilungamitse. Ndinawalakwira. Koma munthu kulakwa kamodzi ndiye zabwino zonse zifufutike?

Ndiye pali a chipereganyu. Tilipo amayi khumi, £200 aliyense pamwezi. Ine ndinali nditalandira kale yanga, kutatsala miyezi itatu kuti ndimalize kubweza, £600. Lamulo likuti ngongole zonse uzilembe, ngakhale za abwenzi, ndipo sukuloledwa kusankha wina n'kumubwezera mobisa ena akudikira, akhoza kukailanda kwa iyeyo. Ndiye ndinailemba. Kalata ya boma inafika kwa asungichuma athu, iwo n'kukafufuza dzina langa pa kaundula wa pa intaneti, poti aliyense akhoza kuona, n'kujambula, n'kuponya pa gulu. Pa gulu, Azakhali! Pa chisangalalo cha 6 Julayi ndinakazinga mandasi 60 ndi ufa wanga, mafuta anga, nditangoweruka kuntchito. Mayi wina anayang'ana jekete langa n'kunena mokweza kuti anthu ena amavala ngongole za anzawo. Jekete limenelo ndinagula £12 mu shopu ya kaunjika, risiti ndili nayo, ndipo ndinaligula chaka chatha chipereganyu cha ulendo uno chisanayambe. Mayi yemweyo anabwereka mapoto anga awiri akuluakulu pa chinkhoswe cha mwana wake, limodzi linabwera lopanda chivundikiro, ine sindinayankhulepo. Mandasiwo anadya, anatengakonso ena m'pepala.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa kalatayi. Pali puloti ku Blantyre, mbali ya ku Chileka. Ndalama yogulira inali yanga, ya mashifiti ausiku a zaka zitatu, koma kalata ya afumu ili m'dzina la achimwene chifukwa ndi amene analipo pogula. Pa fomu anafunsa ngati ndili ndi katundu kwina kulikonse, ngakhale kunja kwa dziko lino. Ndinalemba kuti ayi. Ndinadziuza kuti pepala silikunena dzina langa, ndiye si bodza. Sabata yatha ofesala uja wandilembera kuti waona m'masitetimenti a banki ndalama zambiri zopita ku Malawi, ina £3,500 ulendo umodzi, ndifotokoze inali ya chiyani ndipo inapita kwa ndani. Ndawerenga kuti kubisa katundu ndi mlandu, kuti akhoza kuimitsa tsiku langa lomasulidwa, ndiponso kunditalikitsira ziletsozi kuyambira zaka 2 mpaka 15.

Ndinawaimbira achimwene kuti ndimve maganizo awo. Anaseka, n'kuti azungu sangabwere ku Chileka kudzayeza malo, ndingonena kuti inali ya maliro. Kenako anawonjezera kuti ndipotu malowo ndi awo, pepala likutero. Anaziyankhula ngati nthabwala, koma mtima wanga unati phwii. Ndiye ndikaulula, boma lifuna mtengo wa malo amene mwina sindidzawaonanso. Ndikabisa, ndanama kawiri, ndipo malowo n'kupitabe. Puloti imeneyo ndi pokhapo pamene ndinkati ndikadzakalamba, msana ukadzakana kunyamula agogo a eni, ndidzakagonapo.

Amayi sakudziwa chilichonse. Kwa iwo mwana wawo ali ku Mangalande, ndipo amauza anzawo ku mvano kuti nyumba ya malata anawamangira ndine. Ndiwauze bwanji kuti malatawo akulipira ndi mayi wina amene sanawaonepo?

Ndithandizeni Azakhali. Ndimuuze ofesalayo zoona zonse za pulotiyo, ngakhale kuti poyamba ndinakana? Kodi munthu akabwera yekha kudzakonza zimene analemba amamumvera chifundo, kapena ndi pamene amadzimangirira chingwe? Ndinkafuna chaka chamawa ndifunsire unzika wa dziko lino, mapepala okhala mpaka kalekale ndili nawo, koma ndamva kuti amayang'ananso mmene munthu wayendetsera nkhani za ndalama. Ndiye zimenezo zapita? Nanga asisi aja ndiwapite bwanji? Ndilowe pakhomo pawo ndekha, kapena nditume abusa, kapena ndidikire mpaka ndidzakhale ndi kanthu m'manja? Ndikamawapatsa £30 pamwezi yochokera pa chakudya changa, ndikuswa lamulo? Ndipo akaikana? Chimene ndikuopa kwambiri ndi chimenecho, kuti adzailandira osandiyang'ana kumaso.

Ana ndawauza theka lokha. Wamkuluyo wayamba kunena zosiya koleji kuti akagwire ntchito m'nyumba zosungira katundu, ine ndinamukalipira, kenako ndinakalira kubafa.

Belu la chipinda 14 likulira, agogo aja adzuka. Ofesalayo akufuna yankho pofika Lachisanu la sabata yamawa, ndipo kalata yake ili m'chikwama muno, yapindikapindika chifukwa choiwerenga.

Ine mwana wanu wothedwa nzeru,
ku England