Lipoti la nthumwi: makanema a kampeni omwe amagwetsa eni ake

A Wapampando, akuluakulu a komiti ndi nonse a gulu lathu la ojambula makanema kuno ku Mulanje, tabwerako ku msonkhano womwe munatituma ku Blantyre. Kunali ojambula anzathu, achinyamata a zipani zosiyanasiyana ndiponso ophunzitsa anthu za chisankho. Za mitengo ya ntchito tidzakambirana tikakumana. Pano tikulemba nkhani yomwe inadya nthawi yambiri: kanema wa kampeni akachoka m'manja mwathu amakaoneredwa popanda womufotokozera, ndipo zomwe wovota amatolapo nthawi zambiri si zomwe chipani chimafuna.

Kanema timamukonza pa kompyuta ya sikirini yaikulu, koma ku Limbuli kapena ku Nkando amakamuonera pa kafoni, mumsika muli phokoso, atadutsa kale pa WhatsApp pomwe chithunzi chimafooka. Ena amamulandira pa Bluetooth kapena pa memori khadi, mawu omwe tinalemba pamwamba pake pa Facebook atatsala. Ambiri safika kumapeto poopa kutha bandulo. Chotsala m'mutu ndi nkhope, mtundu wa nsalu ndi chizindikiro zomwe zaoneka m'masekondi oyambirira.

Apa ndi pomwe makanema onyoza opikisana nawo amalakwira. Wojambula amayamba ndi nkhope ya mdani, nsalu zake ndi msonkhano wake kwa theka la mphindi, mawu odzudzula ali pansipansi, kenaka mwini kanema n'kudzaoneka kumapeto. Woonera popanda mawu amangoti ndi kanema wa chipani chinacho, ndiye kuti mwamutsatsa mnzanu ndi ndalama zanu. Nthabwala zonyodola ndiye zoopsa zedi. Munthu akayerekeza kutamanda mdani mwachipongwe, wina amangodula kachigawo kameneko, masekondi khumi okha, n'kumafalitsa kuti uje wagonja. Tinagwirizana kuti nkhope, dzina ndi chizindikiro cha mwini kanema zizioneka m'masekondi asanu oyamba, chizindikirocho chikhale pakona mpaka kumapeto, ndipo kanema asapitirire mphindi imodzi.

Mbali yomwe ife tikuiona yofunika koposa ndi ya pepala lovotera. Kuyambira 2014 timavota patatu tsiku limodzi, mtsogoleri wa dziko, phungu ndi khansala, aliyense ndi pepala lake. Kanema wongoti "chongani onse atatu" uku akuonetsa nkhope zitatu pa pepala limodzi lopeka amaphunzitsa agogo kuchonga kangapo pa pepala limodzi, ndipo voti yotero imawonongeka. Kunena kuti "wathu ali pa nambala yachitatu" nakonso n'kutchera msampha anthu ako omwe, chifukwa mndandanda wa pa pepala la phungu sufanana ndi wa khansala, komanso umasiyana dera ndi dera, pomwe kanema sadziwa malire a dera. Onetsani pepala limodzi pa nthawi, dzanja likuika chizindikiro chimodzi m'kabokosi koyang'anizana ndi nkhope. Musajambule ndi kamera ya kutsogolo kwa foni, mafoni ambiri amatembenuza zilembo ndipo kabokosi kamaoneka mbali yolakwika.

Palinso za oyima paokha. Wogonja pa chisankho cha chipulula amatha kuyima payekha koma n'kumavalabe mtundu wa chipani ndi kutamanda mtsogoleri wake. Kuno kwathu izi si zachilendo. Wovota akaona kanema wodzaza ndi nsalu za chipani amakafunafuna chimanga, tambala kapena manja ogwirana pa pepala, n'kuchonga munthu wina. Tikamajambulira woyima payekha, chizindikiro chake chenicheni chomwe chili pa pepala la bungwe loyendetsa zisankho la MEC ndicho chizikula.

Tsiku nalo lilembedwe pa chithunzi penipeni. Makanema a pa 21 Meyi 2019, a chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni 2020 ndi a pa 16 Seputembala 2025 akadali m'mafoni a anthu, ndipo amadzuka nyengo iliyonse ya kampeni ndi malonjezo akale komanso migwirizano yomwe inatha kale.

Za malamulo tinazidutsa mwachangu poti ambiri mukuzidziwa. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pofuna mavoti, choncho kanema woonetsa wopikisana akugawa ndalama ndi umboni womwe mwaupereka nokha kwa adani ake. Kampeni imatsekedwa kutatsala maola 48 kuti kuvota kuyambe, ndiye zomwe munaziika kuti zidzatuluke zokha pa Facebook muzizimitse nthawi isanakwane.

Zina sizifuna lamulo, zimangofuna nzeru. Khamu lobwereka ku msonkhano wa kwina anthu amalizindikira msanga, pakuti wa ku Chitakale amadziwa momwe phiri limaonekera kumbuyo kwa bwalo lake. Mdipiti wa magalimoto odula wojambulidwa ndi droni sukoma kwa mayi wothyola tiyi amene akudikira malipiro. Zithunzi za namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 zisaseweretsedwe, m'midzi yathu muli mabanja omwe sanawapeze abale awo mpaka lero. Ndipo moni wa Chilomwe wotchulidwa mokhota, anthu amaseka moniwo uthenga n'kuwadutsa.

Tikupempha komiti ivomereze kuti kanema aliyense asanaperekedwe kwa mwini wake aziyesedwa. Mutumizeni kaye pa WhatsApp, mumutsitse pa foni yotchipa, ndipo muonetse anthu asanu omwe sali m'chipanicho, mwa iwo mukhale achikulire awiri, koyamba popanda mawu, kachiwiri ndi mawu. Musawafotokozere kalikonse. Afunseni kuti kanemayu ndi wa ndani, akufuna mpando uti, ndipo akachonga pati. Awiri akaphonya, kanemayo abwerere pa kompyuta. Tikufunanso anthu awiri odzipereka oti alembe mfundozi pa pepala limodzi lomwe tizisayinirana ndi otipatsa ntchito.