Lipoti la ulendo wa ku Blantyre: msonkhano wa kakulidwe ka ubongo wa ana

Apampando, a komiti ndi alezi anzanga nonse a sukulu za mkombaphala,

Ndabwerako ku Blantyre komwe munandituma. Malisiti a minibasi ndi a malo ogona ndasiya kwa asungichuma, wofuna kuona akaone. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa zandipeza kale zoti ena akuti ndinangokwera mtunda kukadya alawansi ndi kuthawa kutentha kwa kuno kuchigwa.

Tsiku loyamba linathera m'malonje ndi zolankhula za akuluakulu. Anatifotokozeranso ndondomeko ya 2018 ya WHO, UNICEF ndi World Bank, yomwe imati mwana amafunika thanzi, chakudya chokwanira, chitetezo, mwayi wophunzira akadali wamng'ono, ndiponso munthu womuyankha. Mapepala ake ndabwera nawo.

Pa mawu akuti "womuyankha" mpamene ndikufuna tiime. Tsiku lachiwiri anatiwonetsa kanema wamfupi wa kafukufuku wa Edward Tronick wa ku America. Mayi akusewera ndi khanda lake, akusekererana. Kenaka mayiyo akuumitsa nkhope, osaseka, osayankhula. Mwana akuloza uku, akutambasula manja, akukuwa kuti amayi abwerere, mapeto ake akudzipotokola n'kuyamba kulira. Zonsezi m'mphindi ziwiri zokha. Mayi atangomwetulira, mwana anakhazikikanso. Muholo monse munali zii. Ndani anganenenso kuti khanda silidziwa kanthu, kuti kuliyankhula n'kutaya malovu?

Akatswiri anati m'zaka zoyambirira ubongo wa mwana umalumikiza timitsempha toposa 1 miliyoni pa sekondi iliyonse, ndipo pofika zaka 5 umakhala utafika pafupifupi 90 peresenti ya kukula kwa ubongo wa munthu wamkulu. Chomangitsa timitsemphato ndi kuyankhizana: mwana wapanga kaphokoso, iwe wamuyankha, iye wabwezanso. Iwo amafanizira ndi mpira wa tenisi. Ndinaimika dzanja n'kunena kuti kwathu ku Chikwawa ndi ku Nsanje tenisi sitiidziwa, koma mayi aliyense amadziwa nyimbo ya pamtondo, wina akatsogola wina amavomera, ndipo wovomera akasowa nyimbo imafera pomwepo. Anandiwombera m'manja ndipo ena analemba.

Tsono taganizani, ana amafika kusukulu zathu za mkombaphala ali ndi zaka 3. Masiku 1,000 oyamba aja, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka 2, amakhala atadutsa kalekale. Timaimba kuti mmera mpoyamba, koma ife timaupeza mmera utatalika kale. Maganizo anga ndi akuti tipemphe alangizi a zaumoyo atipatseko mphindi zochepa pa tsiku la sikelo, amayi akudikira kukweza ana, tiziwonetsa kasewero koyankhizana ndi mwana komweko. Abambo ndi agogo tiziwapeza kumisonkhano ya amfumu, poti agogo ndiwo amatsala ndi ana amayi akapita kudimba.

Wina anganene kuti zoseweretsa tilibe. Ku Kingston, Jamaica, m'zaka za 1986 ndi 1987 azaumoyo anayamba kuyendera ana opinimbira m'makomo mwawo kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri, kuphunzitsa amayi kusewera nawo ndi zidole zopanga okha. Patapita zaka 20, anawo ankapeza ndalama zoposa anzawo omwe sanayenderedwe ndi 25 peresenti. Zitsononkho, zigubu ndi dongo tili nazo.

Chimene sindinagwirizane nacho ndi chakuti msonkhano unamanga zosindikiza mapositala ndi kutumiza mauthenga pa foni. Ndinafunsa kuti m'chinenero chanji, pakuti makolo ambiri a kumunsi kuno amamasuka m'Chisena, ndipo si onse amawerenga. Anangoti aziona. Ndinawauzanso za ku kampu nthawi ya namondwe Freddy mu Marichi 2023. Ndinaona mayi atakhala pamkeka m'kalasi, mwana akumukoka chitenje, iye maso ali gwa pakhoma, nkhope ngati ya mayi wa mukanema uja. Sikuti sankamukonda mwanayo. Nyumba, mbuzi ndi mapira zonse zinali zitapita ndi madzi. Mayi wotere ukamupatsa pepala lomuuza kuti akuwononga ubongo wa mwana wake, wamuwonjezera katundu. Anamwino, alangizi ndi ife tomwe tiphunzire kuyamba n'kumumvera mayiyo.

Zokambirana za kalembedwe ka malipoti ndi mafomu atsopano zinaliponso, ndidzafotokozera alembi paokha.

Apampando, pamenepa mundilole ndinene. Ndinachita manyazi anzathu a kumtunda akusimba za minda ya sukulu zawo, ine ndikudziwa kuti kwathu phala linasiya kuphikidwa ndipo ana akucheperachepera. Mapoto omwe anapita ndi madzi sanagulidwebe. Ndalama yomwe makolo anasonkha ya malata tinafunsa kawiri pamsonkhano, yankho silinabwere, ana akukhalabe pansi pa mtengo dzuwa ili. Mwana wanjala sangavomere nyimbo, ngakhale mlezi aimbe bwanji. Ndikupempha kuti nkhani ziwirizi zikhale zoyamba tikakumana Loweruka.

Kanemayo ndamusunga mufoni. Mlezi aliyense abwere ndi mayi mmodzi wa khanda, zigubu ziwiri ndi timiyala, tidzayesere limodzi tisanapite nazo ku sikelo.